Bambo Wobwereka wa ku Sikelo

"Ndati sindipita! Kapena ndiyankhule Chipwitikizi kuti mumve?"

Hopewell Mukhiwa ananena izi osamuyang'ana n'komwe mkazi wake. Anali atanjuta pakhonde akunola mpeni wosendera mbatatesi, ndipo ankaunola mwaukali ngati mwalawo ndi umene wamulakwira. Leah anaima pakhomo, Rosie ali kumbuyo, duku litapendekeka chifukwa cha changu.

"Chipwitikizi chomwecho yankhulani, koma mukayankhulire ku sikelo," anatero Leah. "Mwezi watha mwanayu sanakwere. Mwezi winawo sanakwerenso. Anamwino akuti abwere bambo ake adzamve okha."

"Adzamve chiyani? Makutu anu anatsekeka? Kamveni inu, mudzandiuza madzulo."

"Madzulo ake ati? Mumachoka mwana asanadzuke, mumabwera atagona. Ndizikuuzani kutulo?"

"Ndimakhala ndili ku ntchito, mayi a Rosie."

"Ntchito yoonera mpira kwa Prince? Tamverani. Lamulo limene anaika pachipatala paja mukulidziwa. Wobwera ndi mwamuna wake amapita kutsogolo. Ife obwera tokha timaotcheka padzuwa mpaka masana. Ndikamafika ku esiteti, anzanga athyola tiyi madengu adzaza kale, ine andilemba kujomba. Akapitawo anena kuti ndikachedwanso asaka wina."

"Ndiye ine nditseke chiwaya? Ndikakhale pabenchi pakati pa azimayi, nkumaomba m'manja, nkumaimba nyimbo za kulera? Ineyo? Anyamata a pa Chinakanaka adzandiseka mpaka tsiku la maliro anga."

"Mwana akuonda, bambo a Rosie."

"Akuonda bwanji ndikumubweretsera tchipisi tsiku ndi tsiku? Ndi ana angati m'mudzi muno amene amadya tchipisi? Ndi fulezesi pamwamba!"

"Mwana wa mano awiri adye tchipisi chozizira chadzulo?"

"Ndiye mumadya ndinu, eti? N'chifukwa chake masaya akuwala."

Leah anaseka, kuseka kuja kumene mwamuna wanzeru akamva amadzuka nkuyamba kufunafuna nsapato. Anakonza nsalu ya mwana, namanga bwino pachifuwa.

"Chabwino. Musapite. Ndikapeza bambo wina panjira."

Hopewell anaseka mpaka mpeni unagwa. "Kapezeni! Mukawapeza muwapatse moni. Muwauze agulenso sopo wochapira matewera!"

Tisamunamizire, Hopewell sanali munthu woipa. Sankamenya, mowa ankamwa mwaulemu, ndipo tchipisi chake chinali chotchuka pa Chinakanaka ponse. Koma pali amuna ena amene Mulungu anawapatsa makutu ongokongoletsera mutu. Kwa iye mwana wakhanda anali ngati wailesi: chinthu cha m'nyumba chimene chimachita phokoso, ndipo pozimitsira pake amadziwa ndi mkazi. Ankadikira kuti Rosie akule, ayambe kuyenda, kuti azidzamutuma machesi.

Zimene zinachitika Leah atatuluka pampanda Hopewell sanazione, koma inu muyenera kuzidziwa, popeza Chinakanaka yense anazidziwa kupatula mwini nkhani. Pamsewu Leah anaimitsa kabaza wa Che Sudi, bambo wa imvi m'ndevu amene analera ana ake onse ndi njinga yakapalasa yomweyo. Ali m'njira Leah anayamba kusisima, ndipo Che Sudi, munthu wosapirira misozi ya mkazi, anafunsa chavuta. Pofika pageti la chipatala nkhani inali itapsa kale. Che Sudi anatsamiritsa njinga pamtengo, anavula mzuli nkuupindira m'thumba, anapempha Mulungu kuti ayang'ane kumbali pang'ono, kenako ananyamula Rosie.

"Ndiye dzina langa ndani?" ananong'ona.

"Hopewell Mukhiwa."

"Hopu chiyani? Mayi, munalephera kukwatiwa ndi munthu wa dzina losavuta?"

Mlangizi wa zaumoyo pachipatalapo, bambo Elson, anali atangobwera kumene kuchokera chigawo chapakati ndipo sankadziwa aliyense. Ataona mwamuna atanyamula mwana anadumpha pampando ngati walumidwa ndi linthumbu.

"Azimayi, taonani! Aombereni m'manja bambo awa! Dutsani, bambo, dutsani kutsogolo!"

Azimayi a pamzere anaomba m'manja, ena atadzitseka zitenje pakamwa, mapewa akugwedezeka. Panalibe amene sanakwerepo njinga ya Che Sudi. Koma panalibenso amene anaulula, chifukwa aliyense ankawerengera mumtima kuti mwezi wamawa mwina adzawafuna iyenso.

Vuto la Che Sudi linali lakuti sankatha kuchita chinthu mwachiphamaso. Munthu wina akanangokhala duu, nkulandira yake ya tiyi, nkumapita. Iwo ayi. Anamuveka Rosie kakabudula ka sikelo, namukoleka okha. Anafunsa chifukwa chake mwana sakukwera. Anafunsa ngati peyala ndi labwino kwa mwana wa msinkhu umenewo, ndipo atamva kuti ndi labwino kwambiri, ulendo wotsatira anabwera ndi mapeyala a pakhomo pawo m'jumbo. Alangizi ananena kuti Rosie azibwera pafupipafupi mpaka atakwera, ndiye maulendo anachuluka. Pobaya katemera anamugwira ndi Che Sudi, ndipo analira ndi onse awiri. Pabenchi ankamuimbira timanyimbo ta Chiyao, mwana nkumawakoka ndevu, nkumaseka mpaka kutsamwa. Leah ankafika ku esiteti mame asanaume pamasamba a tiyi.

Kunyumba Hopewell anangoona kuti mtendere wabwera. Lamulungu lina m'mawa, akusaka sokosi inzake, anapeza Leah atakhala pamphasa akumudyetsa mwana chinthu chobiriwira.

"Ichi ndiye chiyani? Mwana wanga mukumudyetsa ndowe za ng'ombe?"

"Ndi phala."

"Phala lobiriwira munaliona kuti?"

"Mgaiwa, nsinjiro, bonongwe wosinja. Dzulo ndinathira bonya wosinja, mawa ndiswera dzira. Phala lamadzimadzi lija ndinkamupatsa kale, ku sikelo anati n'kungodzaza mimba ndi madzi. Lizikhala lolimbako, losayenderera pasupuni."

"Nanga kambale kakekake n'kachiyani? Wakhala mlendo?"

"Kuti ndiziona mmene wadyera. Pang'onopang'ono, kangapo patsiku, bere osasiya. Ndipo musamugwire masaya ndi manja amenewo musanasambe."

Hopewell sanali ndi maganizo omugwira, koma anabweza manja m'matumba. Anayang'ana mwanayo chapatali ndipo anaona kuti timiyendo tayamba kupindika mafuta. Mtima wake unayera.

"Mwaona? Tchipisi sichinama. Nanga za ku sikelo zija bwanji simukundivutitsanso?"

"Zinatheka," anatero Leah, maso ali pasupuni.

Masana ake Hopewell anakamuuza Prince, mnzake woonetsa mpira, kuti mkazi amafuna kumuimira nji kamodzi kokha, basi, nyumba imayenda yokha. Prince anatsokomola kwambiri, nati fumbi lachuluka masiku ano.

Kenako azimayi anayamba kuchuluka pachiwaya. Ankabwera awiriawiri, atatuatatu, kugula tchipisi chochepa, kuima nthawi yaitali. Otsogolera anali Millie ndi Esther, anzake a Leah othyola nawo tiyi, akazi oti akakuseka umamva kutentha m'makutu ngakhale uli tsidya lina la msika.

"Bambo a Rosie, mbiri yanu yafika mpaka ku Mishoni," anatero Millie tsiku lina.

"Mbiri ya tchipisi?"

"Ya ubambo! Akuti thewera mumasintha ndi dzanja limodzi, linalo mukuimba nalo nyimbo."

Hopewell sanadziwe kuti zachokera kuti, koma ulemu saukana munthu wabizinesi. Anatembenuza mbatatesi m'mafuta modzichepetsa.

"Aa, timangoyesetsa, amayi. Mwana ndi udindo."

Esther anagwira msanamira ya shedi kuti asagwe. Millie anakhala pansi penipeni, misozi ili chuchuchu. Hopewell anaganiza kuti akazi a ku esiteti dzuwa limawasokoneza mitu, ndipo anawaonjezera tchipisi ndi kabichi wambiri.

Sabata imeneyo isanathe, galimoto ya chimkuzamawu inadutsa pamsika ikuyenda pang'onopang'ono.

"Loweruka likubwerali, pabwalo la sukulu, tsiku la ana! Magule! Zisudzo! Katemera! Kaphikidwe ka phala! Ndipo tidzalemekeza bambo wachitsanzo wa dera lino, bambo amene wamunenepetsa mwana wake ndi manja ake, bambo ake a Rosie, a Hopewell Mukhiwa!"

Chipande chinagwera m'mafuta. Hopewell anathamangira galimotoyo kuti amvenso kachiwiri, ndipo inabwerezadi. Msika wonse unaphulika. Ogulitsa nanazi anaimba malikhweru, a kaunjika anagubuduka pamabelo, Prince anathawira kuseri kwa shedi. Hopewell anakweza manja onse awiri ngati wagoletsa chigoli. Tsiku limenelo anatseka chiwaya dzuwa likadalipo, ndipo agalu a m'mudzi anamuuwa chifukwa sankamudziwa masana.

"Mayi a Rosie! Mwamva?"

Leah anali atamva. Nkhope yake inali ngati ya munthu amene wameza fupa.

"Bambo a Rosie, khalani pansi. Pali nkhani."

"Nkhani ndaimva kale! Dziko lonse lamva! Mukuganiza apereka chiyani? Njinga? Mwina wailesi. Nsapato zanga zakuda zili kuti?"

"Ndikuti musapiteko."

"Ndisapiteko? Andiitana pachimkuzamawu ine ndisapiteko?"

"Tamverani kaye. Tsiku lija ndinanena kuti ndikapeza…"

"Nsanje! Ndaiona! Mumafuna atchule inu. Pepani, mayi, boma lili ndi maso. Mwana munabereka ndinu, sindikana. Koma wamunenepetsa ndani? Amene amapsa ndi mafuta tsiku lonse ndani? Inu ntchito yanu n'kungosinja masamba."

Leah anayang'ana zala zake zakuda ndi utomoni wa tiyi, zong'aluka m'mphepete mwa zikhadabo. Chisoni chimene anali nacho pa mwamuna wake chinauma pomwepo.

"Chabwino," anatero mofatsa. "Pitani. Bweretsani malaya ndikusitireni."

Ndipo anawasita bwino kuposa tsiku la ukwati wawo.

Lachisanu, atatuluka mumzikiti, Che Sudi anafika pachiwaya akukankha njinga, mutu uli pansi. Alangizi anali atakumana nawo pamsewu nkuwauza okha kuti asadzachedwe Loweruka.

"Achimwene, pali kanthu kakundilemera pamtima."

"Che Sudi! Mulungu wakutumizani. Mawa m'mawa mudzanditenge kunyumba. Bambo wachitsanzo sayenda wapansi."

"N'zimene ndabwerera. Za chitsanzozo. Mukuona, achimwene, mayi a Rosie…"

"Amenewo adzayenda ndi anzawo, musavutike nawo. Inu mutsuke njinga, mumange kansalu koyera pakaliyala. Ndabwereka suti."

"Achimwene, ndimvereni. Ine mawa ndimafuna ndidwale."

"Mudzadwala Lamulungu. Landirani tchipisi ichi, chaulere, mafuta ake ndi oyera, mulibe za nkhumba. Idyani mupeze mphamvu."

Che Sudi anatsegula pakamwa kachinayi, koma kasitomala anafika, ndipo Hopewell anayamba kumufotokozera za ulemu wamawa. Che Sudi anachoka ndi tchipisi m'manja, nkhani ikadali pakhosi.

Loweruka kunacha bwino, phiri lili mbee popanda kamtambo. Suti inali ya amalume ake a Prince, munthu wamfupi, kotero manja a jekete anathera pakati pa mkono ndipo sokosi zinkaoneka zonse. Hopewell sanasamale. Anakhala pakaliyala chilili ngati bwana, akubayibitsa anthu mbali zonse. Anthu anatuluka m'nyumba. Ana anathamanga pambuyo. Azimayi otunga madzi pamjigo anatula zidebe kuti aseke bwino. Che Sudi ankapalasa ngati munthu amene akudzipereka yekha ku polisi.

Pabwalo panali tenti, mipando yapulasitiki, mbaula, mapoto, ndi khamu la azimayi okhala paudzu ndi ana awo. Njinga itangoima, bambo Elson anatulukira akuthamanga, manja ali tambasu.

"Bambo Mukhiwa! Mwafika!"

Hopewell anatsika mwaulemu natambasula dzanja. Alangizi analidutsa dzanjalo ngati nthambi ya mtengo, nakakumbatira Che Sudi.

"Ngakhale lero mwayamba mwagwira kaye ntchito? Anthu inu, kulimbikira ndi kumeneku! Akasitomala, pepani, awa tawatenga. Inu khalani uko kuli anthu."

Hopewell anaseka. Anaganiza kuti suti yamusintha kwambiri moti munthu wasokonezeka. Anatsatira pambuyo nakadzikhazika yekha mutenti, pampando woyandikana ndi wa Che Sudi, nawasisita paphewa kuti asaope, zikonzedwa.

Panapita pemphero, panapita gule, panapita mawu a mlendo wolemekezeka amene sanamvedwe ndi aliyense chifukwa khamu lonse linkayang'ana mipando iwiri ija. Kenako bambo Elson anagwira maikolofoni.

"Tsopano, bambo amene sanajombepo ku sikelo. Bambo amene mwana wake anabwera ali wonyentchera, lero taonani mmene alili. Bambo Hopewell Mukhiwa, imirirani!"

Hopewell anadzuka ngati wakankhidwa ndi sipuling'i. Che Sudi anamira mumpando. Alangizi anawakoka dzanja nkuwaimiritsa, kenako anatembenukira kwa mwamuna wa suti yaifupi.

"Achimwene, dikirani pang'ono. Zisudzo zibwera pambuyo."

Bwalo linang'ambika. Ng'oma inalira yokha popanda woiuza. Mayi wina anagwa chagada, mwana ali m'manja.

"Zisudzo zanji? Hopewell Mukhiwa ndine!"

"Nanga awa?"

"Awa ndi Che Sudi a kabaza! Andinyamula ndi iwowa pobwera pano!"

Bambo Elson anayang'ana uyu, nayang'ana uyo, thukuta litayamba. Anatembenukira kwa khamu.

"Azimayi, tandithandizeni. Bambo ake a Rosie ndi ati?"

Millie anaimirira, manja m'chiuno. "Kunyumba ndi awo! Ku sikelo ndi awa!"

Nthungululu za azimayi zinamveka mpaka kumsika. Apa m'pamene mutu wa Hopewell unayamba kugwira ntchito, ndipo monga zimakhalira ndi mitu yoyamba mochedwa, unayambira kolakwika. Anawagwira Che Sudi pakhosi pa malaya.

"Inu a madala, mkazi wanga mumatani naye?"

Che Sudi sanalimbane. Anapisa m'thumba, natulutsa mzuli, nauvala bwinobwino pamaso pa alangizi.

"Walahi, achimwene, mkazi wanu ndi wa msinkhu wa mwana wanga wachiwiri. Ndimangomuimira pamzere kuti ntchito isamuthere. Dzina lanu ndinabwereka, ndalakwa, ndipo Mulungu anandiona ngakhale ndinamupempha asaone. Dzulo ndinabwera kudzakubwezerani, inu munandipatsa tchipisi."

Leah anali atafika kale kutsogolo, Rosie ali pachiuno. Analanda maikolofoni m'manja mwa alangizi ngati akulanda mpeni kwa mwana.

"Asiyeni a Che Sudi. Ndinawapempha ndine. Ndinakuuzani pakhomo panu kuti ndikapeza bambo wina, inu munati ndiwapatse moni. Moni wake ndinapereka." Anadikira kuti phokoso litsike. "Inunso alangizi, musaime ngati simukudziwa kanthu. Lamulo lanulo limalanga ndani? Mwamuna amene wakana ali pamthunzi, wopsa ndi dzuwa ndine ndi mwana. Nanga Esther uyo, mwamuna wake ali ku Joni? Nanga amasiye? Mwana wa mayi wobwera yekha ndiye salemera pasikelo panu? Mukapitiriza, mwezi wamawa a Che Sudi adzakhala ndi akazi makumi awiri!"

Azimayi anaimirira onse. Ena anayamba kuvina. Bambo Elson anapukuta nkhope ndi tayi, ndipo mlendo wolemekezeka anapeza chinthu chochititsa chidwi kwambiri pansapato zake. Che Sudi anagwedeza mutu mwamphamvu kukana akazi makumi awiriwo.

Hopewell anali ataima pakati pa bwalo, manja a jekete akumukwera, makutu akutentha. Dzina lake linali pakamwa pa aliyense, koma silinali lakenso. Anaona kuti pali njira imodzi yokha yolilanditsira, pomwepo, anthu onse akuona.

"Mwana ndi wanga!" anakuwa. "Magazi ndi anga! Phala lanulo lili kuti? Bweretsani. Mayi a Rosie, ndipatseni mwana wanga. Kudyetsa mwana n'chiyani?"

"Apatseni! Apatseni!" khamu linavomera mosangalala.

Wina anathamanga ndi kambale ka phala kuchokera pambaula. Leah anazengereza pang'ono, kenako anamupereka. Hopewell anamulandira monga amalandirira thumba la mbatatesi, namukweza m'mwamba kuti onse aone.

Rosie anamuyang'ana kumaso. Anayang'ana mphuno, anayang'ana tayi. Kamlomo kam'munsi kanayamba kunjenjemera. Kenako anakuwa, kukuwa kwa mantha enieni, thupi lonse litauma, msana utapindikira kumbuyo. Anthu anaseka, poganiza kuti atonthola. Hopewell anamugwedeza, anati "shii, shii," anamuonetsa supuni. Mwana anaimenya supuniyo, phala linamwazikira pasuti ya eni ake. Anapotoza khosi kufunafuna, ndipo maso ake atapeza ndevu zaimvi zija anatambasula timanja tonse tiwiri, akulira mopempha kuti amulanditse.

Kuseka kunayamba kuchepa. Kunatsala kumbuyo kokha kwa anyamata, kenako nako kunazima. Millie anakhala pansi mwakachetechete nakokera mwana wake pafupi.

Che Sudi anali atayamba kale kutambasula manja mwachizolowezi. Anadzigwira, nawabweza, nawamangira kumbuyo. 

"Khalani pansi, achimwene," anatero motsitsa mawu kuti amve iye yekha. "Pansi penipeni. Mumukhazike pamwendo, ayang'ane kwa mayi ake. Musamukakamize. Yambani mwalawa inu, aone."

Hopewell anakhala pafumbi ndi suti yobwereka. Anamukhazika mwana pamwendo. Anatola supuni, naipukuta, wina anaithira madzi, kenako iye analawa phala lobiriwira lija pamaso pa Chinakanaka yense, ndipo palibe anaseka. Anaisendezera pakamwa pa Rosie. Mwana anatseka milomo, natembenuza nkhope, akusisima, kadzanja kamodzi kakukankha chifuwa cha bambo wake kuti atalikire.

Apa Hopewell anamva chisoni chimene sanachimvepo chibadwire. Manyazi anali atawaiwala. Anakweza maso kwa mkazi wake, amene anali atagwada pafupi.

"Mayi a Rosie, ndinamulakwira chiyani? Sindinamumenyepo. Akundiopa chifukwa chiyani?"

"Sakukuopani," anatero Leah, ndipo m'mawu mwake munalibe chipongwe. "Sakukudziwani chabe."

Bambo Elson anakodola oimba ng'oma kuti ayambe, anthu ayang'ane kwina. Ng'oma zinayamba mozengereza. Hopewell anaika supuni m'mbale. Anaweramitsa mutu mpaka nkhope yake inayang'anizana ndi ya mwanayo, ndipo anaomba m'manja pang'onopang'ono monga amachitira munthu pofika pakhomo pa eni ake.

"Odi, mayi," anatero, mawu akuthyoka. "Ndine Hopewell. Ndimakhala kwanu konko."

Rosie analeka kulira. Anamuyang'anitsitsa ndi maso onyowa, chala chili pakamwa, mmene ankayang'anira alendo onse.